Manja Amene Amagwira Ntchito ya Miyendo

Mlimi ali ndi zikundu m'manja, woyendera ndodo nayenso ali nazo, koma ukayang'anitsitsa sizimera malo amodzi. Za mlimi zimandandalikana m'munsi mwa zala, pamene mpini wa khasu umakhula akamaunga mizere. Za woyendera ndodo zimakhala kumunsi kwenikweni kwa chikhatho, panyama yotukuka ija yoyandikana ndi pomanga wotchi, makamaka mbali ya kachala kakang'ono, ndipo china chimakonda kumera pampata wa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Pakati pake pamakhala posalala ndi ponyezimira, m'mbalimu muli mbuu, khungu lofundukafunduka.

Kusiyana kwakukulu kuli pa mpumulo. Mlimi akakolola amakoleka khasu, ndipo pofika Ogasiti manja ake amakhala atafewako. Woyendera ndodo alibe nyengo yokoleka chilichonse. Ulendo wa kuchimbudzi m'mamawa ndi wa m'manja, wa kumjigo ndi wa m'manja, wa kumsika, kutchalitchi, kumzikiti, kumaliro, onsewo ndi a m'manja. Munthu wa mwendo umodzi, kapena amene miyendo yake yonse ilibe mphamvu, akatsogoza ndodo n'kunyamula thupi kuti lidutse pakati pake, kulemera kwake konse kumatsikira m'zikhatho. Ngati amalemera makilogalamu 60, dzanja lililonse limalandira pafupifupi 30, ndipo limatero mobwerezabwereza kuchokera pakhomo mpaka pasiteji ya minibasi. Chidendene chili ndi khungu lochindikala komanso mafuta okhuthala osenzera katundu wotere. Chikhatho ntchito yake ndi ina: kusankha mpunga, kulowetsa ulusi pasingano, kupima kutentha kwa mwana pachipumi.

Kuchipatala nkhani ya manja siimveka kawirikawiri. Maso a aliyense amakhala pamwendo: kodi fupa lalumikizana, chilonda chapola, chikhakha chichoka liti? Wodwala naye amachita manyazi kudandaula za khungu pamaso pa dokotala amene wangomupulumutsira mwendo kumene. Chonsecho mng'alu wa m'chikhatho wosakwana n'komwe sentimita imodzi ndi wokwanira kumukhazika munthu pakhonde sabata yathunthu, mwana osapita kusukulu, telala osatsegula shopu.

Eni ake ndi ambiri

Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, 10.4 ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo pagulu limeneli pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse amavutika kuyenda kapena kukwera pamtunda. Si onse amene amayendera ndodo, koma amene amaziyendera ndi a mibadwo yonse.

Alipo akuluakulu amene poliyo anawagwira ali ana, matendawa asanagonjetsedwe ndi katemera. Chifukwa cha iwowa, m'chaka cha 1979 munakhazikitsidwa bungwe la Malawi Against Polio, lomwe pambuyo pake linasintha dzina n'kukhala Malawi Against Physical Disabilities, koma anthu amangolitchulabe kuti MAP. Ana a nthawi imeneyo lero ndi azigogo, ndipo manja awo anyamula thupi zaka 40 kapena 50. Poliyo yemweyo anadzidzimutsa dziko mu Febuluwale 2022, pamene boma linalengeza kuti wapezeka mwa mwana wa ku Lilongwe, koyamba kuchokera mu 1992.

Alipo anyamata a kabaza ndi amene ankawanyamula, omwe adzaza mawodi a mafupa ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central ndi m'zipatala za m'maboma. Ambiri amayendera ndodo miyezi iwiri kapena itatu n'kuzisiya, koma amene fupa lawo lakana kulumikizana kapena lalowa mafinya amakhala nazo zaka. Alipo odulidwa mwendo chifukwa cha shuga, khansa kapena chilonda chochedwa kupita nacho kuchipatala. Tsidya la malire, ku Tete ndi madera ena a Mozambique, kuli amene anaponda mabomba okwirira pansi. Dzikolo linalengeza kuti lamaliza kuwachotsa mu 2015, koma miyendo imene inapita sinabwerere.

Malo othandiza alipo ndithu. Ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre, pafupi ndi Queen Elizabeth, komanso chipatala cha Beit CURE chomwe chinatsegulidwa mu 2002. Ku Lilongwe kuli chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, chomwe chinayamba ntchito mu 2023. Bungwe la 500 Miles, lomwe anayambitsa Olivia Giles wa ku Scotland, mayi amene iye mwini anadulidwa manja ndi mapazi atadwala matenda oumitsa khosi, linathandiza kukhazikitsa malo opangira miyendo yochita kupanga ku Kamuzu Central ndi ku Mzuzu Central. M'maboma muli makiliniko ofisala a mafupa, omwe dziko lino linayamba kuphunzitsa mu 1985. Koma munthu wa ku Nsanje kapena ku Chitipa sangakwere basi kukaonetsa chikundu ku Blantyre. Za manja amadzionera yekha, ndipo nzeru zake amazitola kwa anzake.

Khungu likudziteteza

Chikundu si matenda. Khungu lapamwamba limapangidwa kuchokera pansi: maselo atsopano amabadwira m'munsi, n'kumakankhidwira kumtunda, kumene amafa, kuphwatalala ndi kudzala ndi chinthu cholimba chotchedwa keratin, chomwechonso chimene chimapanga zikhadabo. Ulendo wonsewo umatenga pafupifupi mwezi, kenako maselo akufawo amayoyoka osaoneka. Malo ena akamapanikizidwa ndi kukhulidwa tsiku ndi tsiku, khungu limafulumiza kupanga maselo, ndipo akufa aja amamatirirana osayoyoka. Muluwo ndiwo chikundu.

N'chifukwa chake woyamba kumene kuyendera ndodo amavutika kuposa katswiri. Khungu lake lanthete likakhulidwa mwamphamvu lisanazolowere, limapatukana m'kati, mpatawo n'kudzala madzi: thuza limenelo. Matuza amabwera msanga pakhungu lonyowa pang'ono ndi thukuta, chifukwa khungu lotero limakakamira pachogwirira kuposa louma. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala matuza ndiye pakwawo. Pakapita masabata angapo, pamene panali thuza pamayamba kulimba, ndipo ululu umachepa.

Choncho chikundu chopyapyala, chofewa, chopindika limodzi ndi dzanja, ndi chabwino, ndipo wofuna kuchichotseratu akudziputira matuza atsopano. Chimaipa chikakhuthala mopitirira. Pamenepo chimauma, chimasiya kupindika, ndipo m'malo moteteza nyama ya pansi pake chimayamba kuidinda nthawi zonse pamene munthu watsamira pandodo. Pansi pa chikundu chokhuthala pakhoza kubadwa thuza losaoneka, nthawi zina la magazi, lomwe limangodziwika ndi kadontho kakuda. Chikhozanso kukodwa m'mphepete n'kusendeka chonse, kusiya nyama yofiira poyera.

Mdani wamkulu ndi mng'alu. M'chikhatho mulibe tiziwalo totulutsa mafuta tomwe tili kumaso ndi kumsana. Muli totulutsa thukuta tokhatokha. Nyengo ya chisanu, mu Juni ndi Julayi, mphepo ikauma, chikundu chimaphulika motsata mizere ya m'dzanja. Mng'aluwo supola msanga chifukwa sitepe iliyonse imautsegulanso. Ndipo dzanja lomwelo ndi lodyera. Litsike m'mbale ya usipa wothira mchere ndi kambuzi, likatape nsima yotentha, likachape zovala ndi sopo waufa: mwini wake amadziwa pamene mng'alu uli popanda kuyang'ana.

Palinso china chimene anthu sakonda kuchitchula. Kwathu kuno moni ndi wa m'manja. Mtsikana amene chikhatho chake chili gwa amayamba kupereka nsonga za zala zokha, kapena kungowomba m'manja chapatali, kuopa kuti wina amufunsa ngati amaswa miyala.

Mlandu uli pandodo

Amene amagwira ntchito ya mafizo akaona chikundu chachikulu, choyamba amayang'ana ndodo, osati khungu. Malo amene chikundu chamera amaulula chimene chalakwika. Chikakula dzanja limodzi lokha, mwina ndodo sizofanana kutalika, kapena munthuyo akupendekera mbali imodzi. Chikakhala pampata wa chala chachikulu, nthawi zambiri chogwirira n'chaching'ono kapena chikuzungulira. Chikakhala kumunsi kwenikweni, pafupi ndi pomanga wotchi, ndiye kuti dzanja likupindikira kumbuyo kwambiri pogwira.

Ndodo zodziwika ndi za mitundu iwiri. Za m'khwapa, zazitali zija, ndi zimene zimapezeka kwambiri kuno, zina zamatabwa zokhomedwa ndi akalipentala, zina za aluminiyamu zobwera ngati thandizo kapena zogula kufamase. Za pachigongono ndi zazifupi, zokhala ndi mkombero wogwira mkono. Mfalansa wina dzina lake Emile Schlick analembetsa luso la ndodo yamtunduwu mu 1917, nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo A. R. Lofstrand Jr. wa ku America anaikonzanso mu 1945 kuti izitha kutalikitsidwa ndi kufupikitsidwa. Mitundu yonseyi lamulo lake ndi limodzi: thupi linyamulidwe ndi manja. Ndodo ya m'khwapa dzina lake limanamiza anthu, chifukwa mutu wake suyenera kudinda m'khwapa. Uyenera kutsamira m'nthiti.

Kuyeza kwake sikufuna makina. Munthu aime chilili atavala nsapato zimene amayendera, mapewa ali omasuka, nsonga za ndodo zili pafupifupi masentimita 15 kumbali ndi kutsogolo pang'ono kwa phazi. Pakati pa khwapa ndi mutu wa ndodo pazilowa zala ziwiri kapena zitatu. Akagwetsa mikono, chogwirira chifanane ndi mzere wa pomanga wotchi. Akagwira, chigongono chipindike pang'ono, madigiri 15 mpaka 30. Pa ndodo ya pachigongono, mkombero ukhale zala ziwiri kapena zitatu m'munsi mwa chigongono. Chogwirira chikatsika kwambiri, munthu amawerama n'kumagwera pazikhatho. Chikakwera kwambiri, chigongono chimapindika mopitirira, mikono imatopa, ndipo dzanja limafinya mwamphamvu kuti lisataye ndodo.

Vuto ndi loti ndodo zambiri m'midzi muno sizinayezedwe pa amene akuziyendera. Ndi zosiyiridwa. Zinali za malume amene anathyoka mwendo chaka china, kenako zinabwerekedwa kwa aneba, lero zili ndi mtsikana wa fomu 2 amene amalekeza paphewa la malumewo. Pandodo zamatabwa pamakhala mabowo angapo osunthira chogwirira, koma bawuti inachita dzimbiri kalekale ndipo palibe anaganizapo zoimasula.

Ikani ndodo yotere pabenchi ya kalipentala muione bwino. Chogwirira ndi kamtengo kobulungira, kobooledwa pakati, bawuti n'kudutsamo. Thukuta la zaka zambiri lakadetsa bii, ndipo mbali imodzi kang'aluka motsata mtengo, mng'aluwo uli ndi mpeni wake wosaoneka umene umadya khungu. Bawuti yakhwepa, moti kamtengoko kamatembenuka pang'ono munthu akatsamira, n'kubwerera akanyamula ndodo. Kutembenuka kochepako, kukachitika kambirimbiri pa tsiku, ndiko kumapanga chikundu. Kalipentala wodziwa ntchito amakachotsa, kusema kena kokulirapo, kukapalapala ndi sandipepala mpaka m'mphepete monse mutasalala, n'kumanga bawuti ndi mawashala kuti kasagwedezeke. Ntchito yonseyo siitha ola.

Kukula kwa chogwirira n'kofunika kuposa kufewa kwake. Chopyapyala chimaunjika kulemera konse pamzere umodzi wa chikhatho. Chonenepa kwambiri chimakanika kugwirika, munthu n'kumafinya mpaka zala kuuma. Kwa wamkulu, cha masentimita 3 mpaka 4 m'mimba mwake chimakhala bwino: akachigwira, chala chachikulu chizikumana ndi zinzake. Kunja kuli zogwirira zophwatalala, zoumbidwa motsata chikhatho, chakumanja chake ndi chakumanzere chake, zomwe zimamwaza kulemera padzanja lonse. Zina zimadziwika ndi dzina loti Fischer. Kuno n'zosowa, koma mmisiri wosema zipande ndi mipini sangalephere kusema chogwirira chotambalala pamwamba atauzidwa chimene chikufunika.

Ndiyeno pali mphira wa kunsi, amene ambiri samuwerengera pankhani ya manja. Mphira ameneyu ndi amene amameza kugunda kwa ndodo pansi. Akatha, chitsulo kapena mtengo umamenya msewu mwachindunji, ndipo kugundako kumakwera mpaka m'chikhatho, m'chigongono ndi m'phewa. Ndodo yopanda mphira imatereranso pasimenti ndi m'matope a dzinja, choncho mwini wake amaigwira mwamantha, molimbitsa. M'misewu ya miyala ya ku Ndirande kapena ku Chinsapo mphira sachedwa kuperepeseka. Thomas Fetterman wa ku America, amene anadwala poliyo ali mwana, anavutika ndi kugunda kumeneku mpaka anapanga mphira wokhala ndi zofewa m'kati, m'zaka za m'ma 1980. Kwathu kuno amisiri osoka nsapato amadula chidutswa cha tayala lagalimoto n'kuchikhomerera kunsi. Sichifewa kwenikweni, koma chimaposa kutalitali ndodo yopanda kanthu.

Zokulunga ndi magolovesi

Pafupifupi aliyense woyendera ndodo amayesapo kukulunga chogwirira. Wina chigamba cha chitenje, wina sokosi yakale, wina malegeni. Chigamba chimathandiza masiku oyamba, kenako chimamwa thukuta, kuuma gwa, n'kupanga mapindo amene amadinda khungu kuposa mtengo weniweniwo. Malegeni amamanga molimba ndipo saterera, koma khungu likakhudzana nawo mwachindunji limakakamira ndi kutentha, matuza n'kubwera. Ndi abwino kumangira, osati kugwira.

Njira imene imagwira ntchito ndi ya magawo awiri. Pansi paikidwe chofewa koma chosaphwa msanga, monga chidutswa chopyapyala cha patapata wakale. Siponji ya matiresi imaphwa tsiku lomwelo. Pamwamba pakulungidwe nsalu yosalala kapena tepi yansalu, mosanjikiza bwino, mfundo ndi msoko zikhale kunsi kumene chikhatho sichifika. Chapamwambacho chizichapidwa kapena kusinthidwa chikada. Mphira wa pahandulo ya njinga nayenso amalowa bwino pachogwirira chamtengo: kumasula bawuti, kudula kumapeto kwa mphirayo, kumuveka, n'kumanganso. Amene ali m'tauni angapeze tepi yokulungira handulo ya njinga zampikisano kapena chogwirira cha laketi ya tenisi, zomwe zinapangidwira dzanja la thukuta.

Magolovesi abwino ndi aja odula zala, ovala okwera njinga kapena onyamula zitsulo, okhala ndi kachikopa kapena chofewa pachikhatho. Pakaunjika amapezeka. Akhale othina bwino, chifukwa golovesi yokhwepa imapindana n'kukhala chinthu chinanso chokhula. Aubweya oluka aja ovala pachisanu ndi oopsa, amaterera. Ndipo golovesi yovalidwa tsiku lonse m'dzuwa la ku Chikwawa imasanduka dziwe la thukuta, choncho ndi bwino kuivala paulendo wautali, kuivula pofika, n'kumaichapa.

Osewera mpira wa anthu odulidwa mwendo amazidziwa bwino zimenezi. Masewerawa amaseweredwa ndi anthu asanu ndi awiri mbali iliyonse, osewera m'kati akuthamanga pandodo za pachigongono, ndipo kumenya mpira ndi ndodo mwadala kumatengedwa ngati kuugwira ndi dzanja. Timu ya Angola inatenga chikho cha dziko lonse ku Mexico mu 2018, n'kudzagonja kwa Turkey mumpikisano wotsiriza wa 2022 ku Istanbul. Palinso Musa Motha wa ku South Africa, amene anadulidwa mwendo ali mwana chifukwa cha khansa ya m'fupa, ndipo anadabwitsa anthu ndi kuvina kwake pandodo pa Britain's Got Talent mu 2023. Kuthamanga ndi kudumpha kotero sikutheka ndi dzanja lofinya nthawi zonse. Katswiri amatsamira pachikhatho pamene ndodo ili pansi, n'kumasula zala pamene ikupita kutsogolo, dzanja lili mowongoka ndi mkono. Wophunzira kumene amafinya kuyambira ponyamuka mpaka pofika, ndipo kufinyako ndi theka la mavuto ake.

Pali tina ting'onoting'ono. Jumbo ya tomato yolendewera pachala kwinaku dzanja likugwira ndodo imapotoza kagwiridwe konse. Chikwama chobereka kumsana chimathetsa zimenezo. Mphete imatsina khungu m'munsi mwa chala, ndipo ambiri amaivula paulendo.

Phunziro lochokera kwa odwala khate

Kasamalidwe ka khungu lokhuthala kanaphunziridwa bwino kwambiri pakati pa odwala khate. Dokotala wa ku Britain, Paul Brand, amene ankagwira ntchito ku Vellore m'dziko la India, anaonetsa kuti zala za odwalawa sizimangoduka zokha: zimawonongeka chifukwa dzanja losamva ululu limavulala mwini wake osadziwa, ndipo zilonda zambiri zimayambira pansi pa chikundu kapena mumng'alu. Kuchokera pamenepo, odwala khate kulikonse, kuphatikizapo kwathu kuno kumalo ngati Utale m'boma la Balaka, amaphunzitsidwa mwambo wa tsiku ndi tsiku: kuyang'ana, kuviika, kupala, kudzola. Mwambo womwewo ndi umene woyendera ndodo akufunika.

Nthawi yake yabwino ndi madzulo, maulendo onse atatha. Beseni la madzi ofunda, osati otentha, manja alowemo mphindi 10, kapena kupitirirapo ngati chikundu n'chokhuthala. Khungu lakufa limayera ndi kufewa. Kenako mwala wokhakhala pang'ono, wonga uja wotsukira zidendene kudambwe, kapena mwala wopepuka wogula kufamase: kupala mozungulira, modekha, makamaka m'mphepete mwa chikundu momwe mwatukuka. Cholinga n'kuchichepetsa kuti chifanane ndi khungu loyandikana nalo. Pakayamba kuoneka pofiirira kapena kumveka kuwawa, papitirira. Kawiri kapena katatu pa sabata n'kokwanira, ndipo mwalawo ukhale wa munthu mmodzi.

Mafuta adzoledwe manja asanaumiretu, chifukwa ntchito yawo ndi kutsekera madzi amene khungu lamwa. Vaseline amakwanira. Gilisalini wosakaniza ndi madzi pang'ono nayenso amathandiza. Mafuta ophikira amafewetsa, koma ogwira ntchito ya khate amachenjeza kuti fungo lake limaitana nyerere ndi makoswe usiku. Wofuna zambiri avale masokosi oyera a thonje m'manja pogona. M'mawa manja apukutidwe bwino asanagwire ndodo: chikhatho cha mafuta pachogwirira cha pulasitiki chagwetsapo anthu.

Kufamase kuli mafuta okhala ndi urea, amene amamasula khungu lakufa. A 10 peresenti ndi ofewetsa tsiku ndi tsiku, a 20 mpaka 40 ndi a chikundu chouma kwambiri. Alimi asatengeke ndi dzinalo: feteleza wa m'thumba uja si mankhwala a pakhungu. Palinso mankhwala ndi mapulasitala a salicylic acid, amene amadya chikundu koma amadyanso khungu labwino akalifikira, ndipo sayenera kuikidwa pamng'alu.

Chimene ambiri amathamangira ndi lezala. Imafulumira, ndipo pachikundu chokhuthala siipweteka, mpaka italowa panyama. Dzanja lochekedwa mawa lake liyenera kunyamulabe thupi, pachogwirira chakuda, ndiye chilonda chimakula m'malo mopola. Lezala yakale kapena yobwerekana imabweretsanso kafumbata ndi matenda oyenda m'magazi. Ngati chikundu chafika pofunika mpeni, mpeniwo ukhale wa kuchipatala. Kwa odwala shuga, komanso aliyense amene manja ake samva bwino, lamuloli lilibe kukambirana: lezala ayi, asidi ayi, madzi oviikamo awayese wina kaye, ndipo manja aziyang'anidwa tsiku lililonse poyera.

Thuza laling'ono lisiyidwe losaboola, liphimbidwe ndi pulasitala. Likaphulika lokha, litsukidwe ndi madzi oyera ndi sopo, chikopa chake chisasendedwe chifukwa ndicho chivindikiro chabwino koposa. Mng'alu utsukidwe, upakidwe Vaseline, umangidwe, ndipo m'mphepete mwake mupalidwe ukayamba kupola kuti usatsegukenso. Koma dzanja likatupa, likatentha, likatuluka mafinya, mzere wofiira ukayamba kukwera kumkono, mwanabele akatuluka m'khwapa kapena thupi likatentha, ulendo wa kuchipatala ndi wa tsiku lomwelo. Mafinya a m'chikhatho amayenda msanga motsata mitsempha ya zala ndipo akhoza kuumitsa dzanja. Chotupa cholimba chokhala ndi timadontho takuda tambiri, chopweteka ukachitsina m'mbali, chikhoza kukhala njerewere, ndipo kuchipala kumangochifalitsa.

Zimene zili pansi pa chikundu

Khungu limaoneka, koma pansi pake pamadutsa mitsempha iwiri imene imapatsa dzanja mphamvu ndi kumva. Wina, umene madokotala amautcha median, umadutsa pakati pa polumikizira dzanja ndi mkono, m'kanjira kopanikizika. Ukapsinjika, chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati zimachita dzanzi, makamaka usiku, munthu n'kumadzuka kukutumula dzanja. Winawo, ulnar, umadutsa mbali ya kachala kakang'ono, pansi penipeni pa malo amene chikundu cha ndodo chimakonda. Ukapsinjika, dzanzi limagwira kachala kakang'ono ndi koyandikana nako, ndipo pakapita nthawi nyama ya pakati pa zala imafota, munthu n'kumakanika kumanga batani kapena kugwira singano. Madokotala aona vuto limeneli kawirikawiri mwa anthu amene anadwala poliyo ndipo ayendera ndodo zaka zambiri.

Apa m'pamene chikundu chopweteka chimabala vuto lalikulu kuchiposa. Manja akamawawa, munthu amayamba kupumira pamitu ya ndodo, thupi lonse kulendewera m'khwapa. M'khwapamo mumadutsa mtsempha wa radial, umene umadzutsa dzanja. Ukapsinjika kwa nthawi, dzanja limangoti lende, osatheka kuliwongola. Nthawi zambiri limachira munthu akasiya kutsamirako, koma pamatenga masabata kapena miyezi, ndipo nthawi yonseyo sangagwire ndodo. David Werner, m'buku lake la 1987 lotchedwa Disabled Village Children, lomwe lathandiza ogwira ntchito m'midzi ya m'maiko ambiri, anachenjeza za ngozi yomweyi mwa ana. Kutsamira m'khwapa kwa zaka kukhozanso kuwononga mtsempha waukulu wa magazi wopita kumkono. Dzanzi losatha, kufooka kwa zala kapena dzanja lozizira ndi lotuwa si za mwala ndi Vaseline. N'zofunika a mafizo kapena kiliniko ofisala wa mafupa.

Nthawi zina yankho ndi kusintha chida. Amene zala ndi mfundo za manja awo zatha angathandizidwe ndi ndodo yokhala ndi kangalande kogonekapo mkono wonse, kotero kuti kulemera sikufika m'chikhatho. Wodulidwa mwendo akapeza mwendo wochita kupanga womukwana, manja ake amapuma. Ena amasunga ndodo kuti zikhale za pakhomo ndi m'nyumba, maulendo ataliatali n'kumayenda panjinga yopalasa ndi manja. Anthu ena amaona ngati kukwera njinga yotere ndi kugonja, koma mapewa ndi manja a munthu wa zaka 30 akufunikabe kudzamunyamula akadzafika zaka 60.

Zonsezi n'zosavuta kunena kuposa kuzipeza. Lipoti la WHO ndi UNICEF la 2022 linati anthu oposa 2.5 biliyoni padziko lonse amafunika chida chowathandiza, monga magalasi, njinga kapena ndodo, ndipo pafupifupi 1 biliyoni alibe. M'maiko ena osauka, opeza chimene akufuna ndi atatu okha pa 100 alionse. Ndodo zili pamndandanda wa zida 50 zofunika kwambiri umene WHO inatulutsa mu 2016. Komabe ngakhale kumene ndodo zimagawidwa, mwambo umathera pa kujambulitsa tsiku lopereka. Mphira wosinthira, chogwirira chatsopano ndi munthu wodzayezanso sizikhala m'bajeti, chonsecho ndi zimene zimatha msanga ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi ndodo yeniyeniyo. Mabungwe olankhulira anthu aulumali monga FEDOMA ali ndi nkhani zazikulu zomenyera, za sukulu, ntchito ndi nyumba zofikirika, koma katoni ya mphira wa ndodo pachipatala chilichonse chaching'ono ndi pempho limene boma silinganene kuti lalikulira.

Amene amapwetekeka kwambiri ndi kusayezanso ndi ana. Mwana wa pulayimale amatalika masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi pa chaka, ndipo akamatha msinkhu amatalika msanga kuposa pamenepo. Ndodo imene inamukwana ali sitandade 3 imakhala itamufupikira akamalowa sitandade 5: amayenda chowerama, zikhatho zikulandira katundu mopendekera. Iye sadandaula, chifukwa kusinthako kumabwera pang'onopang'ono ndipo amaganiza kuti ndi mmene ndodo zimakhalira. Kholo kapena mphunzitsi akhoza kumuimika kukhoma potsegulira teremu iliyonse, kulowetsa zala m'khwapa, kuona pamene chogwirira chalekeza, kutembenuza ndodo kuti aone mphira, kenako kumuuza kuti atambasule manja. Mabowo osunthira akatha, kalipentala wa pamsika akhoza kuboola ena kapena kulumikiza thabwa lalitali kunsi, bola apite naye mwanayo kuti akamuyezere pomwepo.